Nsalu, aluminiyamu kapena kuchotsa ndi manja: mmene Aitaliya amatsegulira denga la galimoto zawo zaliwiro

Tengani katoni ya sopo yomata bwino mbali zonse, muigwire uku ndi uku, muyese kuipotokola ngati mukufinya chovala. Ikana. Dulani chivindikiro chake muyesenso, ipotoka osalimbana nanu n'komwe. Vuto lonse la galimoto yotsegula pamwamba lagona pamenepa. Denga limamanga mizati ya galasi lakutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto, ndipo likachoka, mphamvu zochokera m'matayala zimangotsala ndi njira imodzi yodutsa, ya pansi. Woyendetsa amazimva akaponda bampu ali pakona: chiwongolero chimanjenjemera m'manja, kagalasi koonera kumbuyo kamagwedera, matayala sakhalanso momwe injiniya anawayimikira.

Pofuna kuthana ndi zimenezi, mainjiniya amakulitsa zitsulo za m'munsi mwa zitseko, amalimbitsa mizati ya galasi kuti inyamule galimoto ikagubuduzika, amawonjezera mipiringidzo kumbuyo kwa mipando. Zonsezo n'zolemera. Ndiye ikani pamwamba pake mamota, mahinji ndi mapampu otsegulira denga. Walira mvula walira matope: amene akufuna kuona thambo ali pa chiwongolero amalipira ndi makilogalamu, ndi malo a katundu, kapena ndi mawonekedwe.

Makampani amene amalimbana kwambiri ndi nkhaniyi ali m'dera limodzi la Emilia-Romagna, kumpoto kwa Italy. Ferrari ili ku Maranello, Maserati ku Modena, Lamborghini ku Sant'Agata Bolognese, Pagani ku San Cesario sul Panaro, ndipo mutha kuwayendera onse m'mawa umodzi. Mayina omwe amapatsa galimoto zawo ndi ambiri, Spider, Spyder, Roadster, GTS, Aperta, barchetta, koma njira zenizeni ndi zinayi zokha. Otsatsa malonda amakonda kutiuza masekondi omwe denga limatenga kuti litseguke. Ine nambala imeneyo ndimaiona yochepa phindu. Funso loyamba ndi lakuti injini ili kuti, lachiwiri ndi lakuti chasisi, mafupa a galimoto, anachipanga ndi chiyani. Mukayankha mafunso awiriwa, denga loyenera limadziwika lokha.

Denga lolimba lopindika lokha

Njirayi ndi imene Ferrari yakhala ikuikonda kwa zaka zoposa 15, ndipo yaonetsa ubwino ndi kuipa kwake pa galimoto ziwiri zosiyana kotheratu.

Yoyamba ndi California ya 2008. Inali Ferrari yoyamba yokhala ndi injini ya V8, ya masilinda 8, kutsogolo, yoyamba kukhala ndi giyabokosi ya makilatchi awiri ndi magiya 7, komanso yoyamba ya denga lachitsulo lopindika n'kulowa m'buti. Denga limatseguka m'masekondi 14. Maganizo ake anali okoma: munthu agule galimoto imodzi, akhale ndi yotseka nthawi yozizira ndi yotsegula nthawi ya dzuwa. Koma mapanga awiri avumbwitsa. California ili ndi timipando tiwiri kumbuyo, choncho denga lake ndi lalitali, ndipo zidutswa zake zikasanjikizana zimafuna malo aakulu. Opanga mawonekedwe anakakamizika kukweza ndi kukulitsa kumbuyo kwa galimoto, ndipo anthu ambiri anadandaula kuti mbuyo yake ndi yonenepa mosayenera Ferrari. California T ya 2014 ndi Portofino ya 2017 anazikonza ndithu, Portofino n'kukhala yopepuka ndi yooneka bwino kuposa akulu ake, komabe mfundo sinasinthe: denga likatsika, malo a masutikesi amachepa kwambiri, pa galimoto yomwe ntchito yake yeniyeni ndi maulendo aatali.

Yachiwiri ndi 458 Spider, yomwe anaionetsa ku Frankfurt mu 2011, ndipo apa mpamene njirayi inapeza kwawo. Injini ya 458 ili pakati, kumbuyo kwa mipando iwiri, kotero denga ndi lalifupi zedi. Ferrari inalipanga ndi aluminiyamu m'zidutswa ziwiri. Mukakanikiza batani, chivindikiro chakumbuyo chimadzuka, denga limatembenuka chagada n'kugona m'kamalo ka malita 100 pakati pa mipando ndi injini, chivindikiro n'kubwerera. Masekondi 14 basi. Inali galimoto yoyamba ya injini yapakati kukhala ndi denga lotere, ndipo chodabwitsa n'chakuti Ferrari inalengeza kuti denga la aluminiyamuli linapepuka ndi makilogalamu 25 poyerekeza ndi la nsalu. Zikumveka ngati bodza mpaka mutakumbukira kuti denga la nsalu si nsalu yokha. Mkati mwake muli nthiti zachitsulo, mahinji ochuluka ndi zokokera kuti nsalu ikhale yokungika. Denga likakhala lalifupi, mbale ziwiri za aluminiyamu zimapambana mtolo wonsewo.

Pali chomwe anataya. Pa F430 Spider, yomwe inali ndi denga la nsalu, injini inkaoneka pansi pa galasi, mitu yake yofiira ili poyera. Pa 458 Spider injini inabisika, m'malo mwake munabwera nyanga ziwiri kumbuyo kwa mitu ya okwera. Eni galimoto ena zinawapweteka, poti pa Ferrari injini ndi theka la chimene munthu amalipirira. Chomwe anapeza m'malo mwake ndi kagalasi kakumbuyo kotsika ndi magetsi: denga lili chotseka, mvula ikugwa, mutha kukatsitsa kuti phokoso la V8 lilowe.

Kuyambira pamenepo Ferrari zambiri za injini yapakati zatsatira njira yomweyi, mpaka 296 GTS ya 2022, ndipo anaipititsanso ku galimoto za V12 za mipando iwiri, 812 GTS ya 2019 ndi 12Cilindri Spider ya 2024. Pa zimenezi denga limayenda ngakhale galimoto ikuthamanga, bola isapitirire makilomita 45 pa ola.

Maserati inatenga ganizoli n'kulisintha pang'ono. MC20 Cielo ya 2022, dzina lake kutanthauza thambo, ili ndi denga lagalasi lomwe limalowa kumbuyo m'masekondi 12. Galasilo lili ndi timadzi ta liquid crystal mkati, ndipo mukakhudza sikirini limasanduka lowonekera kapena lachimbuuzi. Kotero muli ndi zosankha zitatu m'malo mwa ziwiri. Galasi ndi lolemera, ndipo kulemera kwa pamwamba n'komwe injiniya amadana nako kwambiri chifukwa kumapendeketsa galimoto pakona, koma Cielo inangolemera ndi makilogalamu 65 kuposa MC20 yotseka. Chifukwa chake tichipeza kutsogoloku.

Ndisadutse osatchula kholo la madenga onsewa, lomwe ndimalikonda ngakhale linali ndi chilema. Mu 2005 Ferrari inapanga galimoto 559 za Superamerica, zokhala ndi denga lagalasi lomwe analiganiza wojambula galimoto Leonardo Fioravanti. Denga lonse linali chidutswa chimodzi chozungulira pa hinji, n'kukagona chagada pamwamba pa buti, osalanda malo a katundu ngakhale pang'ono. Nzeru yosavuta kumva. Koma taganizani: likagona chagada, mbali yamkati ndi imene imayang'ana kumwamba, ndipo fumbi, masamba kapena madontho a mvula omwe yatolera amakubwererani pamutu mukamatseka. Pa 458 Spider anabisa denga pansi pa chivindikiro, vutolo n'kutha.

Nsalu, yomwe ambiri ankati yatha

Mu March 2023, ku Marrakesh m'dziko la Morocco, Ferrari inaonetsa Roma Spider, yolowa m'malo mwa Portofino M, ndipo denga lake linali la nsalu. Inali Ferrari yoyamba ya injini yakutsogolo kuvala denga lopindika la nsalu kuchokera pa 365 GTS/4 ya 1969, imene anthu amaitchula Daytona Spider. Kampani yomwe inathera zaka 15 ikutamanda chitsulo inabwerera ku nsalu, ndipo ine ndimati inachita bwino.

Zifukwa zake ndi zomwezija zomwe zinavutitsa California. Pa galimoto ya injini yakutsogolo ndi timipando takumbuyo, denga ndi lalitali, ndipo nsalu imapindika n'kukhala kamtolo kakang'ono pomwe chitsulo sichingatero. Gulu la Flavio Manzoni, mkulu wa zojambula ku Ferrari, linatha kusunga mbuyo yotsika ndi yowonda ya Roma yotseka. Buti ili ndi malita 255 denga lili chotseka. Denga limatseguka m'masekondi 13.5, galimoto ikuyenda mpaka makilomita 60 pa ola, zomwe zikutanthauza kuti mvula ikayamba muli m'tauni simufunika kuima.

Madandaulo akale pa nsalu anali phokoso ndi kuzizira. Denga la Roma Spider lili ndi nsalu zosanjikiza zisanu, zamkati zomeza phokoso, kotero kusiyana kwake ndi denga lolimba kwachepa kwambiri. Mphepo nayo anaiganizira. Denga likatseguka, mpweya wodutsa pamwamba pa galasi umazungulira n'kubwerera chakumbuyo, n'kumakuombani m'khosi. Galimoto zambiri zimathetsa izi ndi kaukonde komwe mumakatulutsa m'buti n'kukamangirira nokha. Pa Roma Spider choyedzamira cha timipando takumbuyo ndicho chimadzuka ndi batani n'kukhala chotchingira mphepo. Zoona, chikadzuka palibe angakhale kumbuyoko, koma timipando timeneto n'ta ana kapena zikwama basi.

Musaganize kuti nsalu ndi yopepuka nthawi zonse. Roma Spider inalemera ndi makilogalamu 84 kuposa Roma yotseka. Lamborghini Huracán Spyder ya 2015, ya injini ya V10 pakati ndi denga la nsalu lotseguka m'masekondi 17, inalemera ndi makilogalamu 120, ndipo kuchoka pa 0 kufika makilomita 100 pa ola inkatenga masekondi 3.4 pomwe yotseka inkatenga 3.2. Kusiyana kumeneko munthu wamba sangakumve, koma kukuonetsa kuti gawo lalikulu la kulemera sikuchokera m'denga. Kumachokera pa kukonza katoni yodulidwa ija.

Maserati GranCabrio ndiyo inalibe chosankha. Ili ndi mipando inayi yomwe akuluakulu angakhalepo, ndipo denga lachitsulo lotalika chotero likanadya buti yonse. N'chifukwa chake GranCabrio yakale ya 2010 ndi yatsopano ya 2024 zonse ndi za nsalu. Yatsopanoyo imatsegula m'masekondi 14 ndipo mipando yakutsogolo imapemerera mpweya wofunda m'khosi.

Zofooka za nsalu zilipobe, ndipo n'zodziwika kwa aliyense amene anaonapo lona wa lole atakalamba. Dzuwa limaisukulutsa, ulusi umatha m'mapindiro, mpeni umaiboola. Galimoto yogona m'garaja sizimaivuta msanga. Yogona panja, denga lake lidzakalamba penti isanakalambe.

Kuchotsa ndi manja

Njira yachitatu ilibe mota, ilibe pampu, ilibe batani. Mumaima, mumatsika, mumamasula zokowera, mumanyamula denga. Ferrari inkachita zimenezi pa Dino 246 GTS ya 1972 ndi 308 GTS ya 1977. Anthu amalitchula denga la targa, mawu ochokera ku mpikisano wakale wa Targa Florio ku Sicily, koma dzinalo analembetsa ndi a Porsche ku Germany, choncho Aitaliya eni ake saligwiritsa ntchito pa galimoto zawo.

Lamborghini inaphunzira njirayi movutikira. Murciélago Roadster ya 2004 inali ndi kadenga ka nsalu ndi timitengo tachitsulo kovuta kumanga, ndipo kampani inkalangiza kuti kakakhalapo musapitirire makilomita 160 pa ola, pa galimoto yotha kuthamanga kuwirikiza pamenepo. Pa Aventador Roadster ya 2013 anasintha: mbale ziwiri za carbon fibre, chipangizo cha ulusi wolimba koma wopepuka, iliyonse yosafika makilogalamu 6, zomwe munthu mmodzi amazichotsa n'kuzilonga m'buti yakutsogolo. Zikakhalapo galimoto imathamanga liwiro lake lonse la makilomita 350 pa ola, ndipo yonse inangolemera ndi makilogalamu 50 kuposa yotseka. Mtengo wake ndi wakuti mbalezo zikalowa m'buti, katundu alibe pokhala. Mumasankha: thambo kapena chikwama. Ndipo mvula ikakupezani pamsewu waukulu, mumanyowa muli pambali pa msewu mukulimbana ndi zokowera.

Apa tibwerere ku funso lachiwiri lija, la chasisi, chifukwa ndilo limafotokoza manambala omwe tawaonawa. Ferrari zambiri ndi Huracán zili ndi chasisi chomwe gawo lake lalikulu ndi aluminiyamu, ndipo pa chasisi chotere denga limagwira nawo ntchito yolimbitsa. Aventador, MC20 ndi Pagani zili ndi chomwe amisiri amachitcha tub, beseni la carbon fibre lomwe okwera amakhala mkati mwake, injini ndi matayala n'kumangiriridwa kutsogolo ndi kumbuyo. Beseni lotere kulimba kwake kuli m'mbali ndi pansi, denga likachoka silitaya zambiri. La MC20, lomwe Maserati inalikonza mothandizana ndi Dallara, kampani yopanga galimoto za mpikisano ku Varano de' Melegari, analiganiza kuyambira pachiyambi kuti lidzatumikire yotseka ndi yotsegula yomwe. Mawonekedwe a beseni ndi amodzi, chomwe amasintha ndi kuchuluka ndi kayalidwe ka nsalu za carbon. N'chifukwa chake Cielo inangolemera ndi makilogalamu 65 aja, ngakhale denga ndi lagalasi ndi lamamota.

Pagani inapita nazo patali kuposa onse. Horacio Pagani, wobadwira ku Argentina, anagwirapo ntchito ku Lamborghini asanayambe kampani yake, ndipo carbon fibre ndiye luso lake. Huayra Roadster, yomwe anaionetsa ku Geneva mu 2017, imalemera makilogalamu 1,280, kupepuka ndi makilogalamu pafupifupi 80 kuposa Huayra yotseka, komanso yolimba kuiposa. Anatero posintha zipangizo za beseni, kupepukitsa giyabokosi ndi zitsulo zogwira matayala, ndi kusiya zitseko zotsegukira m'mwamba ngati mapiko, zomwe mahinji ake anali m'denga. Wogula amalandira madenga awiri, lolimba la carbon ndi galasi lomwe limatsala kunyumba likachotsedwa, ndi la nsalu lopita nalo pa ulendo kuopa mvula. Anapanga 100 zokha, iliyonse pa mtengo woposa mayuro 2 miliyoni. Ndi umboni wakuti galimoto yotsegula siyenera kulemera kuposa inzake, koma ndi umboni womwe kampani yopanga galimoto zikwizikwi pachaka singautsatire.

Opanda denga n'komwe

Njira yachinayi sitichedwa nayo. Barchetta, kutanthauza kabwato, ndi dzina lomwe linamatirira Ferrari 166 MM ya 1948, yomwe bodi yake anaipanga a Touring ku Milan ndipo inapambana mipikisano ya Mille Miglia ndi Le Mans mu 1949. Mu 2000 Ferrari inatsitsimutsa dzinali pa 550 Barchetta Pininfarina, galimoto 448 zokhala ndi kansalu kongopulumukira komwe sikankaloledwa kupitirira makilomita 110 pa ola. Monza SP1 ndi SP2 za 2018 zinachotsa ngakhale galasi lakutsogolo, m'malo mwake muli kanjira kotenga mpweya n'kuuponya m'mwamba patsogolo pa nkhope ya woyendetsa. Izi ndi galimoto za munthu yemwe ali ndi zina zambiri m'garaja ndipo amayang'ana kaye kumwamba asanatuluke.

Ndiye iti?

Pa galimoto ya mipando iwiri ndi injini yapakati, yomwe mwini wake amaiyendetsa sabata ndi sabata, denga lolimba lopindika ndilo ndingasankhe. Ndi lalifupi, silimalanda buti chifukwa buti ili kutsogolo, likatsekeka galimoto imakhala chete ndi yotetezeka ngati yotseka. Choopsa chake chimabwera ndi zaka: masensa, mapampu ndi malabala otsekera madzi zimakalamba, ndipo denga loima pakati pa ulendo wake silikonzedwa ndi makaniko aliyense. Wogula yakale alitsegule ndi kulitseka kangapo, amvetsere ngati mbali imodzi ikutsalira, ayang'ane pansi pa makapeti ngati pali chinyezi.

Pa galimoto ya maulendo, ya injini yakutsogolo ndi mipando yakumbuyo, nsalu yapambana, ndipo ulendo wa Ferrari kuchoka pa California kufika pa Roma Spider ukuchitira umboni. Mbuyo yokongola, malo a masutikesi, ndi denga lotsekeka mukuyenda makilomita 60 pa ola n'zofunika kwambiri paulendo wochoka ku Milan kupita kunyanja kuposa kachetechete kochepa komwe aluminiyamu imawonjezera.

Denga lochotsa ndi manja ndi la munthu amene amawerengera kilogalamu iliyonse ndipo sadandaula kutsika m'galimoto. Pa beseni la carbon ndilo njira yoyera kwambiri kwa injiniya, palibe chowonongeka, palibe cholemera pamwamba. Koma pali chinthu chomwe ndachiona pa anthu: denga lofuna kuima ndi kunyamula limachotsedwa kawiri kapena katatu galimoto ikadali yatsopano, kenako limakhala pamenepo mpaka tsiku logulitsa. La batani limatseguka ngakhale paulendo wa mphindi khumi wokagula buledi.

Pa zonse zomwe ndatchulazi, yomwe yayandikira kwambiri kuthetsa mkanganowu ndi MC20 Cielo, chifukwa ili ndi beseni la carbon la njira yachitatu ndi batani la njira yoyamba. Nayonso ili ndi polipira pake. Pa MC20 yotseka, injini ya Nettuno, V6 ya malita 3 yotulutsa mphamvu ya mahatchi 630 monga amawerengera Aitaliya, imaoneka pansi pa chivindikiro chowonekera. Pa Cielo pamalo pomwepo pamagona denga, ndipo amene akufuna kudziwa zomwe zili pansipo amangoona chizindikiro chachikulu cha Maserati, mkondo wa mano atatu, ngati mwini wake analipira kuti achimatepo.